Bowa wa manyame ndi kaboni wobisika pansi pa mitengo

[Chithunzi: mbale za bowa m'mbali mwa msewu wokwera ku Namwera]

Mvula ikangokhazikika kuno ku Mangochi, mbalezi zimayamba kuoneka. Manyame achikasu, ndelema zoyera mbee. Afunseni amayiwa komwe amazula, akuuzani kuti pansi pa mombo ndi misuku. Akuuzaninso kuti pomwe mitengo idathera ku makala, bowayu adaleka kumera. Nanga bowa amafunanji kumtengo?

[Chithunzi: dzanja likufukula dothi patsinde pa msuku]

Taonani nsonga za timizuti, tafupika komanso tanenepa ngati tavala sokosi. Ameneyu ndiye bowa weniweni: timaulusi toonda kuposa tsitsi. Chimene timaphika chija ndi chipatso chake chabe. Mtengo umakoka kaboni mumpweya, n'kupanga shuga, wina n'kutsitsira bowa. Bowa amabweza madzi, fosifolasi ndi nayitirojeni. Ubalewu Albert Frank wa ku Germany adautcha mycorrhiza mu 1885. Utale musauwerengere pano, uja amalimidwa ndi chiswe.

Kaboni wotsikira pansiyu si wochepa. Mu 2023, gulu lotsogoleredwa ndi Heidi-Jayne Hawkins wa ku yunivesite ya Cape Town lidapeza kuti chaka chilichonse zomera zimapatsa bowa wa m'mizu kaboni wofanana ndi matani 13 biliyoni a kaboni dayokisaidi, mpweya womwe ukutenthetsa dziko. Ndiye kuti kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a mpweya wotuluka pootcha mafuta, gasi ndi malasha padziko lonse.

Koma akatsika, amakhalitsa? Apa ndi pomwe akatswiri akulimbana, ndipo ine ndi pomwe pandikoka mtima.

Mu 1971 ku New Zealand, Ruth ndi Peter Gadgil adadula mizu kuzungulira timalo m'nkhalango ya paini. Masamba ogwa pa timaloto adawola msanga. Adaona kuti bowa wa m'mizu amapikisana ndi tizilombo towoletsa zinyalala, motero kuwola kumachedwa, kaboni n'kukhalitsa. Mu 2013, pa zilumba za m'nyanja za ku Sweden, akatswiri ena adapeza kuti theka kapena kuposa la kaboni wosungidwa m'dothi lidachokera ku mizu ndi bowa wake, osati masamba ogwa.

Kenaka mu 2021 César Terrer ndi anzake adabwera ndi mbali ina. Kaboni dayokisaidi akachuluka mumpweya, mitengo imathamanga kukula, bowa wake n'kumafumbula zowola za m'dothi kusaka chakudya. Mtengo ukunenepa, nkhokwe ya pansi osakula, mwinanso kuchepa. Bowa yemweyo ndi wosunga, ndi wotapanso.

Chimanga chathu nachonso chili ndi bowa wake, wolowa m'kati mwa muzu, wosatulutsa ndiwo. Kugalauza dothi chaka ndi chaka kumadula ulusi wake.

[Chithunzi: phiri la ku Namizimu, utsi wa lupsa ukufuka]

Chimene chimandiwawa n'chakuti kafukufuku wambiri wachitikira m'nkhalango zozizira za ku Ulaya ndi North America. Kwathu kuno dothi limatentha, moto umadutsa chilimwe chilichonse, chiswe chimadya masamba asanawole. Ndikufunitsitsa ophunzira a ku Bunda ndi akatswiri a zankhalango a ku Zomba atabwera kudzayeza dothi la ku Namizimu ndi Phirilongwe, ayambire pofunsa amayi ozula bowa aja malo omwe manyame adaleka kumera.