Kuika nyale zowonjezera ndi chaja ya foni pa Land Rover Series IIA osapsereza mawaya

[Kamera pa galimoto, boneti ili yotsekula]

Moni nonse. Iyi ndi Land Rover Series IIA ya petulo, injini ya malita 2.25, mtundu womwe unkapangidwa ku Solihull, ku England, kuyambira 1961 mpaka 1971. Kwathu kuno zinkayenda kwambiri ndi aboma, a mishoni komanso m'maesiteti, ndipo zina zikadali pamsewu. Lero tiikapo nyale ziwiri zowonjezera kutsogolo ndi chaja ya foni. Koma musanagwire sipanala, pitani kaye pa batire.

[Kamera pa batire]

Onani waya wonenepa wochoka pa batire kupita ku chesesi, womwe timautcha waya wa ethi. Wamangidwa pa mutu uti? Pa galimoto za masiku ano umakhala pa minasi. Pa Land Rover zopangidwa chisanafike chaka cha 1967 umakhala pa pulasi, kutanthauza kuti thupi lonse la galimoto ndi pulasi. Babu wamba alibe nazo ntchito, amayaka basi. Koma wailesi yamakono, chaja ya foni ndi nyale zambiri za LED zinapangidwira galimoto ya ethi ya minasi. Wailesi yachitsulo mukangoimangirira pa dashibodi yomwe ili pulasi n'kulumikiza mawaya ake, mwapanga shoti, ndipo mudzaona utsi musanamve nyimbo. Musadalire chaka cholembedwa pa blue book. Pazaka zonsezi galimoto yadutsa m'manja mwa amakaniki ambiri, ndiye onani ndi maso anu.

Ikakhala ya ethi ya pulasi, ine ndimati isintheni ndithu, musavutike ndi kutchingira chipangizo chilichonse pachokha. Tembenuzani batire kuti waya wa ethi ukhale pa minasi, mitu ya mawaya igwirizane. Sinthanitsani mawaya awiri aang'ono a pa koilo, ndi awiri a kuseri kwa ammeter, kamita ka pa dashibodi koonetsa ngati batire ikutchaja, apo ayi singano izilozera kolakwika. Kenaka dayinamo, chipangizo chotchaja batire: chotsani mawaya ake onse awiri, tengani waya wochokera pa pulasi ya batire, mukhudzitse kawiri kapena katatu pa kamutu kakang'ono kolembedwa F. Kathetheka kakang'ono kaoneka, ndipo dayinamo yadziwa mbali yatsopano. Bwezerani mawaya aja.

[Kamera pa dayinamo]

Tsopano pano ndi pomwe pagona nkhani. Iyi si alternator yomwe imatchaja batire pa galimoto za masiku ano, ndi dayinamo ya Lucas C40, ndipo pachimake pake imatulutsa ma amp 22 okha. Injini ikamangolira galimoto itaima, imatulutsa pang'ono kwambiri, mwinanso osatchaja n'komwe. Pa ma amp 22 amenewo, nyale zazikulu, nyale zakumbuyo, za pa dashibodi ndi koilo zadya kale gawo lalikulu, musanayatse mawaipa.

Tiwerengere limodzi. Nyale zathu ndi za ma watt 55 iliyonse. Ziwiri ndi 110. Gawani ndi ma volt 12, mupeza ma amp 9 ndi pang'ono. Chaja ya foni ndi pafupifupi ma amp 2 kapena kucheperapo, imeneyo si vuto. Koma ma amp 9 aja, usiku kukugwa mvula, mukukwawa pa giya yoyamba m'matope, akuchokera m'batire, osati mu dayinamo. Zili ngati kutunga m'mgolo ndi ndowa pomwe mpopi ukungodontha. Mawa m'mawa mudzafuna anthu okankha. Nyale za LED zimadya moto wochepa, ndiye ngati mukufuna kusunga dayinamo, sankhani zimenezo. Ena amadana nazo, amati kuwala kwake koyera mbuu sikuyenerana ndi nkhope ya galimoto yakale. Pamenepo ndiwavomereza, koma batire silisamala za maonekedwe.

[Kamera pa bokosi la mafyuzi]

Mafyuzi onse a galimoto iyi ndi awiri. Awiri basi. Nyale zazikulu sizidutsa pa fyuzi iliyonse. Ndipo chenjerani ndi nambala 35 yolembedwa pa fyuzi yagalasi ya Lucas. Nambala imeneyo ndi pomwe fyuzi imapsera. Moto womwe imapirira nthawi zonse ndi pafupifupi ma amp 17. Mukaikapo fyuzi yamakono ya 35 poganiza kuti n'chimodzimodzi, waya ndi womwe udzayamba kupsa, fyuzi ili phee. Za kukulunga fyuzi ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, tisakambe n'komwe.

Mitundu ya mawaya imathandiza ngati sinasuluke. Pa galimoto za ku Britain, wabulawuni ndi moto wochokera ku batire nthawi zonse, wopanda fyuzi. Woyera umakhala ndi moto mukatembenuza kiyi, nawonso ulibe fyuzi. Wobiriwira ndi wa kiyi womwewo koma wadutsa pa fyuzi. Wakuda ndi ethi. Wabuluu wa mzere woyera ndi wa nyale zazikulu zikamawala patali.

Mawaya akalewa sitiwasenzetsa katundu watsopano. Tiwagwiritsa ntchito pongolamula, katundu asenze relay, kaswichi kamene kamayatsidwa ndi moto wochepa n'kudutsitsa moto waukulu.

[Kamera pafupi ndi relay, chala chikuloza miyendo yake]

Chotsani kaye waya wa ethi pa batire. Relay ili ndi miyendo inayi ya manambala. Pa 30 pabwere waya watsopano wa 2 mm² wochokera pa pulasi ya batire, ndipo fyuzi ya ma amp 15 ikhale pafupi penipeni ndi batire, osati pafupi ndi nyale. Fyuzi imateteza waya, ndiye gawo lililonse la waya lomwe lili pakati pa batire ndi fyuzi lilibe chitetezo. Pa 87 pachoke waya wopita ku nyale. Pa 85 pakhale ethi. Pa 86 pabwere waya wowonda wochokera pa wabuluu wa mzere woyera uja, kudzera pa swichi yanu ya pa dashibodi. Mukatero, mukangotsitsa nyale pokumana ndi galimoto ina, zowonjezera zija zizima zokha, simuthobwa mnzanu m'maso.

Chaja ya foni itengeni pa waya wobiriwira, ndi kafyuzi kakekake ka ma amp 5, kuti izizima mukachotsa kiyi.

Ethi ya nyale musaimange pa phiko, lata lokuta tayala lakutsogolo. Thupi la Land Rover ndi la aluminiyamu, zidutswa zake zamangidwa ndi maboti adzimbiri, pakati pali penti ndi dothi la zaka zambiri. Kokani waya wakuda wonenepa mofanana ndi wa moto uja mpaka pa chesesi, palani mpaka chitsulo chiwale, mangani, pakani girisi pamwamba. Paliponse pomwe waya ukudutsa pa bowo la chitsulo, ikanipo mphira. Ndipo mawaya musamangowapota n'kukulunga tepi. Pa msewu wa mabampu, ndi kutentha kwa injini, tepi imasomphoka. Gwiritsani ntchito mitu yofinya ndi pulayala yake.

[Mita yoyezera magetsi ili pa batire, injini ikulira]

Bwezerani waya wa ethi, lizani injini, pondani mafuta pang'ono, yatsani zonse. Mita ikamaonetsa ma volt 13 kupita m'mwamba, dayinamo ikukwanitsa. Ikamatsika kufika pa 12 n'kumapitirira kutsika, katundu wachuluka. Pamenepo chepetsani ma watt a nyale, kapena ikani alternator ya Lucas 16ACR ya ma amp 34, yomwe Series III inabwera nayo.