Kalongonda ndi Matenda a Parkinson: Mverani Kaye Musanapatse Agogo

Moni nonse amene mwatchera khutu, makamaka inu amene mukusamala agogo pakhomo. Lero tikambe za kalongonda, nyemba zija za mtundu umodzi ndi chitedze, zimene ena akuti zimateteza ubongo.

Choyamba, nkhaniyi ili ndi choonadi chake. Mu kalongonda muli mankhwala otchedwa levodopa, omwewo amene madokotala amapereka kwa odwala Parkinson. Matendawa amabwera maselo a mu ubongo opanga dopamine, mankhwala a m'thupi othandiza kuyendetsa ziwalo, akamafa pang'onopang'ono. Mudzaona dzanja la agogo likunjenjemera atangokhala phee, kuyenda ndi timasitepe tating'ono ngati akukwekwesa mapazi, nkhope yosasintha ngakhale mukuwaseketsa. Si ufiti ayi, chonde. Ndikunenetsa chifukwa agogo ambiri anyozedwa, ena kumenyedwa kumene, pa matenda oti akanathandizidwa kuchipatala.

Nanga muchite chiyani? Mukaona zizindikirozi, pitani nawo kuchipatala. Tengani chilichonse chimene akumwa: mapiritsi, ufa wa zitsamba, timabotolo togula pamsika, zonse m'jumbo imodzi, dokotala aone ndi maso ake.

Musakazinge kalongonda n'kumawapatsa ufa wake mwa inu nokha. Vuto lake ndi muyezo. Mbewu za m'munda uwu ndi za m'munda wina sizikhala ndi mphamvu yofanana, ndiye supuni ya lero siifanana ndi ya mawa. Piritsi la kuchipatala amalisakaniza ndi carbidopa, amene amathandiza kuti levodopa afike ku ubongo osathera m'njira, komanso amachepetsa mseru. Kalongonda alibe zimenezo. Akachuluka, munthu amasanza, mtima umathamanga, mutu umasokonekera mpaka kuona zinthu zomwe palibe. Ku Nampula, m'dziko la Mozambique, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, anthu ambiri anadwala misala ya mwadzidzidzi nthawi ya chilala atadya nyembazi n'kumwa madzi owiritsira m'malo mowataya chifukwa madzi anali osowa. Ndiye inu amene mumadya kalongonda ngati ndiwo, pitirizani monga amachitira amayi athu: kuwiritsa nthawi yaitali, kutaya madzi, kuthira ena, kuwiritsanso.

Ngati agogo ali kale pa mapiritsi, musawonjezere kalongonda pamwamba pake, ndipo musawasiyitse mapiritsi mwadzidzidzi, n'zoopsa zedi. Amwe nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, makamaka theka la ola asanadye, chifukwa nyama, mazira ndi nyemba zimapikisana ndi mankhwalawa m'matumbo.

Tsono za kuteteza ubongo. Levodopa amachepetsa kunjenjemera ndi kuuma kwa thupi, koma saletsa maselo kufa. Zambiri zimene mumamva za turmeric kapena tiyi wobiriwira zinaoneka pa mbewa ndi m'labotale, pa anthu sizinatsimikizike. Ginkgo, mankhwala a zitsamba ochokera ku masamba a mtengo wina wa ku China, anayesedwa ku America pa okalamba oposa 3,000, zotsatira zinatuluka mu 2008, ndipo sanaletse matenda oiwalaiwala. Ndiponso kwa amene akumwa aspirin kapena warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ginkgo angachititse magazi kutuluka osaleka msanga.

Ndalama zogulira botolo lodula la zitsamba zoterezi, kuli bwino mukwerere minibasi kupita nawo kukayezetsa BP ndi shuga, chifukwa ziwirizi zikalekereredwa zimawononga mitsempha ya mu ubongo. Madzulo agwireni dzanja muyende nawo pang'ono pabwalo, muzicheza nawo.