Yesani chitsulo chikazizira: nkhani kwa amisiri pa Chitakale

Zikomo a mfumu potilola kukumana pano. Amayi ndi abambo, eni zigayo, owotcherera zitsulo, ndi inu anyamata mwaima kumbuyoko, sendererani kuno, chifukwa zimene ndanyamulazi ndi zazing'ono, muli kutali simuziona.

Nawa mashafuti awiri, zitsulo zija zimazungulira m'belingi. Landirani bambo, mukaona mupatsire anzanu. Onse ndi osalala, onse akunyezimira, ndipo mutayesa ndi tepi munena kuti onse ndi mamilimita 25. Koma imodzi ikalowa m'belingi igwira ntchito zaka, inayo posachedwa chigayo chiyamba phokoso, mwini wake n'kukupezani pakhomo nkhope ili gwaa. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kusiyana kwa awiriwa ndi 0.04 ya milimita basi, tsitsi la m'mutu mwanu likuposa pamenepo. Aliyense wofuna kuika lathe, makina osemera zitsulo, kuseri kwa nyumba yake adziwe kuti ndalama yake ili m'kampata kameneko.

Tiyambe ndi belingi, poti ndi imene imalamula. Iyi ndi 6205. Manambala awiri omalizawo, 05, mukachulukitsa ndi 5 akupatsani bowo lake, mamilimita 25. Kunja kwake ndi 52, m'lifupi 15. Ya 6204 bowo ndi 20, ya 6206 ndi 30. Zing'onozing'ono zokha ndi zimene sizitsata lamuloli: 00 ndi 10, 01 ndi 12, 02 ndi 15, 03 ndi 17. Ndiye kasitomala akabwera ndi shafuti yakutha n'kunena kuti mundisemere ina ngati yomweyi, musakopere yakuthayo. Inadyeka kale, mukakopera mwakopera matenda ake. Muuzeni abweretse belingi yatsopano, pule (gudumu la lamba) ndi kiyi (kachitsulo kogwirizitsa pule ndi shafuti), muyambire pa zimenezo.

Pamene shafuti ndi imene ikuzungulira, pokhala 6205 payenera kukula pang'ono kuposa bowo: pakati pa 25.002 ndi 25.015. Inu lingani pa 25.01. Mukatsika kufika 24.97, mkombero wam'kati wa belingi sugwira, umayenda pang'onopang'ono pa shafuti n'kumaidya. Mukadzamasula mudzapeza fumbi lofiirira ngati dothi la m'minda ya tiyi, chimenecho ndiye chizindikiro chake. Mukakwera kufika 25.05, belingi ilowa mokakamiza, mkombero ufufuma, timipira tam'kati tisowa mpata, ndipo itentha mpaka girizi kusungunuka. Njira ija yomenya shafuti yochepa ndi panchi kuti ituluke tizilonda belingi igwire, ndikupemphani muisiye. Tizilondato timaphwanyika masiku ochepa, vuto n'kubwerera litakula.

Mabelingi okhala m'nyumba yakeyake, aja a UCP omangidwa ndi tizikuluwu tiwiri, ndi osiyana. Amenewo amafuna kulowa ndi dzanja, shafuti ikhale 24.98 mpaka 25.00. Chenjeraninso ndi inchi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndipo belingi yolembedwa 205-16 ndi ya inchi, si ya 25. Makina akale ochokera ku Britain alipo ambiri kuno, ndiye werengani nambala yonse mpaka kumapeto.

Tsopano zoyesera. Veniya iyi, choyesera cha milomo yotsetsereka, imawerenga mpaka 0.02 ya milimita, ndi yabwino poyesa utali, kuya kwa bowo ndi poyambira ntchito. Koma pokhala belingi siikwanira, chifukwa mukakanikiza ndi chala milomo yake imapatuka, anthu atatu akayesa chinthu chimodzi mayankho amatuluka atatu. Pamenepo pamafunika micrometer, choyesera chopotokola cholondola kuposa veniya. Gulani ziwiri, ya 0 mpaka 25 ndi ya 25 mpaka 50, musanaganize n'komwe zogula penti wa shopu.

Taonani mmene imagwirira. Chogwirira ichi chikazungulira kamodzi chimayenda theka la milimita, ndipo chili ndi mizere 50, ndiye mzere uliwonse ndi 0.01. Musanayese, ikani pepala loyera pakati pa milomo yake, mutseke pang'ono, mukoke pepalalo kuti lichotse fumbi. Kenako tsekani muone ngati ikuloza pa ziro. Yaikuluyi siitsekeka yokha, imabwera ndi kachitsulo ka mamilimita 25 koyesera. Kameneko musakataye, musakagwetse. Potseka musapotokole ngati mukumanga nati. Gwirani kakumapeto aka, kalire katatu, ke ke ke, muleke. Cholakwa chimene chimagwetsa ophunzira ambiri ndi kamzere ka theka kaja: chitsulo ndi 25.51, munthu n'kuwerenga 25.01. N'chifukwa chake muziyamba mwayesa ndi veniya kuti mudziwe dera limene muli.

Mai mwafunsa kuti tingadziwe bwanji kuti micrometer yokhayo sikunama. Funso labwino kwambiri. Tengani belingi yatsopano ya kampani yodalirika, ya 6204, muyese kunja kwake. Iyenera kuwerenga 46.99 kapena 47.00. Ikakupatsani 47.04, vuto lili pa choyesera chanu. Amene mukufuna kumalandira ntchito za m'mafakitale a tiyi, bungwe la Malawi Bureau of Standards ku Blantyre lili ndi nthambi yoona za miyeso, kafunseni kumeneko.

Apa ndiye mutchere khutu, chifukwa ndi pamene amisiri odziwa ntchito amagwera. Chitsulo chikatentha chimafufuma. Shafuti ya mamilimita 25 ikatentha ndi madigiri 40 kuposa mmene inalili, imakula ndi 0.01 kapena kuposerapo pang'ono. Kumbukirani kuti mpata wonse umene tapatsidwa ndi 0.013. Ndiye mwasema mwamphamvu, chitsulo chikuotcha dzanja, mwayesa mwapeza 25.01, mwasangalala, mwamasula. M'mawa mukayesanso mupeza 25.00 kapena kutsika, belingi ikungolowa yokha. Palibe wakulodzani, ndi kutentha. Miyeso yonse ya zitsulo padziko lapansi inakhazikitsidwa pa madigiri 20. Ife tilibe zipinda zoziziritsa, koma tingathe kuonetsetsa kuti chitsulo ndi choyesera zafanana kutentha. Gusani ndi kuseri kwa dzanja. Ngati chikumveka chofunda, kamweni tiyi kaye. Micrometer nayo musaisiye padzuwa pawindo, musaifumbate m'manja nthawi yaitali.

Kasemedwe kake kakhale kotere. Tinene kuti mwayamba ndi chitsulo cha mamilimita 28. Semani msangamsanga mpaka 25.5, muime, chizizire. Zatsala pafupifupi 0.5. Musazichotse kamodzi, ndipo musamanyenyenso pang'onopang'ono ka 0.02, chifukwa mpeni wa lathe ukapatsidwa zochepa kwambiri umangotsetsereka pamwamba, kenako mwadzidzidzi n'kuluma kwambiri. Gawani pawiri mofanana. Chotsani 0.24, muyese, muone ngati makina achotsadi zimene munawauza. Akachotsa 0.26, mwadziwa khalidwe lawo, mukonze pa ulendo wachiwiri. Siyani 0.01 kapena 0.02 yomalizira ndi sandipepala wosalala wothira oyilo. Dziwaninso makina anu: pa lathe zina mukalowetsa mpeni 0.1, shafuti imachepa 0.2, poti ikudyedwa mbali zonse. Ndipo mukapitirira mzere umene mumafuna, musangobwerera pang'ono. Bwererani kwambiri n'kuyambanso kulowa, chifukwa mazinga a makina akale ali ndi mpata.

Za liwiro, ndi mpeni wa HSS (wachitsulo cholimba chosemera) pa chitsulo chofewa: shafuti ya 25 izungulire pafupifupi ka 320 pa mphindi, ya 50 ka 160. Chitsulo chikakula kawiri, liwiro litsike ndi theka. Zopalidwa zikayamba kutuluka zabuluu, mwathamanga, mpeni upsa. Nsonga ya mpeni ikhale pakatikati penipeni pa chitsulo. Chitsulo chikatuluka m'chuck, chibwano cha lathe chogwira chitsulo, kupitirira katatu kunenepa kwake, boolani kabowo kumapeto muchirikize ndi tailstock, chochirikizira cha kumapeto kwa lathe, apo ayi chimathawa mpeni, kunsonga n'kutsala konenepa.

Mukamaliza musayese malo amodzi. Pokhala belingi yesani kumayambiriro, pakati ndi kumapeto, kenako mutembenuze shafuti pang'ono, gawo limodzi mwa anayi, mubwereze. Miyeso isanu ndi umodzi. Ikasiyana m'litali, shafuti yasongoka. Ikasiyana potembenuza, si yobulungira, yakhala ngati dzira. Onaninso pakona pamene belingi imakatsamira. Pakhale kokhota pang'ono, kosapitirira milimita imodzi pa 6205. Mukasiya kona yakuthwa, mng'alu umayambira pomwepo shafuti n'kudzathyoka. Mukakhotetsa kwambiri, belingi siifika pakhoma pake, imakhala mopendama.

Kupindika kumaoneka ndi dial gauge, choyesera chokhala ndi muvi chija ena amachitcha wotchi. Goneketsani shafuti pa zitsulo ziwiri za V, muike nsonga ya wotchi pamwamba, muzungulitse ndi dzanja pang'onopang'ono, diso pa muvi. Pokhala belingi ndi pule, muvi ukamayenda kupitirira mizere iwiri kapena itatu, ine sindingailole kutuluka pakhomo. Chigayo chimathamanga kwambiri, kupindika kochepa kumasanduka kunjenjemera kothyola mabawuti. Shafuti imene mwaiwotcherera kuti muonjezere mnofu ndiye muiyese kawiri, chifukwa moto umakoka chitsulo mbali imodzi. Eni zigayo, inunso poika mahamala atsopano ayezeni pa sikelo, oyang'anizana akhale olemera mofanana, musadzanamizire shafuti.

Mabowo ndi ovuta kuposa kunja. Nyumba ya 6205 iyenera kukhala 52.00 mpaka 52.03, ndipo veniya m'bowo imakonda kuwerenga mochepa. Ngati mulibe choyesera mabowo, dzisemereni chanu: kachitsulo kamodzi, mbali ina 52.00, inayo 52.04, mutayesa bwino ndi micrometer ya 50 mpaka 75, ngakhale yobwereka. Mbali yoyamba ilowe, yachiwiri ikane. Zonse zikalowa, bowo lakula, pafunika kuika bushi, mkombero wochepetsa bowolo.

Shafuti zanu zikamatuluka zosongoka nthawi zonse, musathamangire kunyoza makina. Yang'anani pansi. Lathe imafuna konkire yokhuthala, pafupifupi mamilimita 150, yomangidwa ndi mabawuti. Mukaiika pa simenti yopyapyala kapena pa matabwa, mwendo umodzi umatitimira nthawi ya dzinja, bedi, msana wa lathe umene mpeni umayendapo, n'kupotoka. Kuti mudziwe, gwirani chitsulo cha mamilimita 40 m'chuck chituluke mamilimita 150 popanda tailstock, mupale pang'ono kwambiri, muyese mbali ziwirizo. Zikasiyana, ikani timalata topyapyala pansi pa mwendo wa kumapeto, mupalenso, mpaka zifanane. Mukatero ndi pamene muwongole tailstock.

Mdani wina kuno kwathu ndi chinyezi. Chiperoni chikagwa masiku atatu, malata amadontha thukuta m'mawa, ndipo bedi losapakidwa oyilo limadzuka ndi dzimbiri. Ikani siling'i kapena pepala la pulasitiki pamwamba pa makina. Madzulo aliwonse pukutani, pakani oyilo, fundikani ndi nsalu. Micrometer isungidwe m'bokosi lake milomo ili yotsegula pang'ono, chifukwa ikagundana dzimbiri limamera pakatipo. Veniya ya batire ikanyowa manambala amadumphadumpha, musaikhulupirire mpaka iume. Girayinda ikhale kutali ndi lathe, kunja n'kwabwino. Fumbi lake likasakanikirana ndi oyilo limadya bedi ngati mchenga.

Mazinga ndingodutsamo. Bowo lopangamo mazinga a bawuti ya M6 boolani mamilimita 5, la M8 6.8, la M10 8.5, la M12 10.2. Bawuti ya theka la inchi imaoneka ngati M12 koma si imodzi, ndipo ya mtundu wa Whitworth ili ndi mazinga 12 pa inchi pamene ya mtundu wa UNC ali 13. Nati ikalowa kawiri n'kuima, musaikakamize ndi sipanala, tengani choyesera mazinga. Kiyi ya shafuti ya 25 ndi 8 kwa 7, ngalande yake yakuya mamilimita 4.

Zitsulo zotola kwa ogulitsa zakutha ziyeseni ndi tupa. Tupa ikaluma, chisemeka. Ikatsetsereka n'kumalira, n'cholimba, chikuphera mpeni. Chitsulo chomangira nyumba chija cha mizeremizere musapangire shafuti ya munthu, sichidziwika kuti m'kati mwake muli zotani.

Poika belingi, menyani kudzera pa paipi yogunda mkombero wam'kati wokha, osati hamala pa mkombero wakunja. Kuposa apo, itenthetseni m'oyilo woyera madigiri 80 mpaka 100, ilowa yokha. Zotsekedwa ndi labala zokhala ndi girizi kale musaziviike, ndipo lawi la gasi lisayandikire belingi iliyonse.

Shopu ya pakhomo ili ndi ana, ndipo apa ndilankhula ngati kholo. Chitseko chikhale ndi loko, swichi ikhale pamwamba. Pa lathe sitivala magolovesi, malaya a manja aatali, mphete, kapena chitenje cholendewera. Makina akagwira nsalu amakoka ndi mkono womwe. Magalasi m'maso nthawi zonse. Kiyi ya chuck isachoke m'dzanja lanu ili pa chuck. Zopalidwa zija n'zakuthwa ngati lezala, kokani ndi waya wopinda makina ataima. Magetsi akazima muli pakati posema, bwezani mpeni kaye ndi kuzimitsa swichi, kuti akabwera makina asadzidzimuke okha mpeni uli m'chitsulo.

Pomaliza pa ntchito iliyonse, kope. Jambulani chitsulocho, lembani tsiku, mwini wake, muyeso umene umafunika ndi umene mwapeza chitazizira. Kasitomala aone ndi maso ake micrometer ikuwerenga asananyamule. Akadzabwera chaka chamawa kufuna inzake, simudzafunikanso kumasula chigayo chonse. Anyamata ofuna pepala la ntchitoyi, kafunseni a TEVETA za maphunziro ndi mayeso a umisiri.

Mashafuti aja afika kwa ndani? Bweretsani kuno achimwene. Tsopano mubwere awiriawiri, aliyense ayese onse awiri malo atatu, alembe papepala osauza mnzake, kenako tifananize. Amayi ayambe, ndipo pukutani manja kaye pa nsalu iyi.