Feteleza alibe mlandu, nthaka ndiyo yawawasa

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Amene muli kumbuyoko senderani pafupi, mawu anga si aakulu.

Nkhani yandibweretsa ine mlangizi wanu wa zaulimi mukuidziwa. Minda ya kumtunda kuja, ya katondo, chimanga chaka chino chinangoima. Masamba ofiirira m'mbali, phesi lowonda, pomwe feteleza munathira kawiri. Ena mukuti tinagulitsidwa feteleza wabodza. Ena, ndamva, mwayamba kulozana zala kuti wina ali ndi mfumba, akukoka chimanga cha anzake usiku. Amfumu, mlandu umenewo musauweruze. Ndinazula mapesi m'minda ija. Mizu yake ndi yaifupi, yokhuthala, yopanda timizu tating'ono tomwera madzi. Mizu yotero imanena chinthu chimodzi: nthaka ili ndi asidi wambiri.

Asidi wa m'nthaka amayezedwa pa muyeso wotchedwa pH, kuyambira 0 mpaka 14. Pa 7 ndiye pakati, ndipo nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka. Nthaka ikatsika kupitirira 5.5, aluminiyamu amene amakhala phee m'dothi amasungunuka n'kuyamba kupha nsonga za mizu. Komanso dothi lofiira lija kufiira kwake ndi ayironi. Ayironi ndi aluminiyamu amagwira fosifolasi wa mu feteleza wokulitsa n'kumumanga. Ndalama mwalipira, feteleza ali m'munda momwemo, koma chimanga sichingamudye. Kufiirira kwa masamba kuja ndi njala ya fosifolasi. Ndipo yureya amene timathira chaka ndi chaka popanda manyowa amawonjezera asidiyo pang'onopang'ono.

Ndiye mverani: musawotche mapesi. Ndibwerezanso nthawi ina, koma yambani kusunga pompano. Musawotche mapesi.

Chifukwa chake n'chakuti mapesi, masangwi a mtedza, masamba ndi ndowe zikamawola zimatulutsa timaasidi tina tofatsa. Timaasidi timeneti simukutiyamba lero. Kuwawasa kwa ndimu ndi asidi wotchedwa citric. Kwa bwemba ndi tartaric. Chambiko chimawawasa ndi lactic. Masamba a koko akamakuyabwani kukhosi chifukwa sanapse bwino, timibayo timeneto ndi ta oxalic wogwirana ndi kashiamu. Zomera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso n'zimene zimapanga zonsezi.

(Mayi wina: Alangizi, pepani ndikuduleni. Mwati nthaka yathu yadwala asidi. Pano mukuti tiike zinthu zotulutsa asidi. Si ndiye kuwonjezera matendawo?)

Mayi, mwafunsa zimene ambiri pano amaopa kufunsa. Asidi sali mtundu umodzi. Wa mu batire ya galimoto amaboola nsalu, koma ndimu mumafinyira m'tiyi wa mwana. Tsono kunyumba mukachite izi. Tengani mpeni wa dzimbiri, muupake ndimu, muusiye kwa kanthawi, kenako mupukute. Dzimbiri lichoka. Dzimbiri ndi ayironi, ndipo citric amamugwira mbali zingapo nthawi imodzi, osamutaya. M'nthaka zimachitikanso chimodzimodzi. Asidi wa manyowa akagwira aluminiyamu, aluminiyamuyo saluma mizu. Akagwira ayironi, ayironi amasiya fosifolasi, chimanga n'kudya. Ndipo timaasidi timeneti sitikhalitsa, mayi. Tizilombo ta m'nthaka timadya m'masiku ochepa, choncho situnjikana n'kuwawasitsa munda. Koma chifukwa sitikhalitsa, timafunika kubwera chaka chilichonse. Kuthira manyowa kamodzi n'kumati ndathana nazo, ayi.

Zomera zina zimachita zimenezi zokha. Mitundu ina ya chimanga, mizu ikakumana ndi aluminiyamu, imatulutsa citric kudzitchinjiriza. Koma katswiri ndi nandolo. Mu 1990, akatswiri amene ankagwira ntchito ku ICRISAT, bungwe lofufuza za mbewu ku India, anaonetsa kuti mizu ya nandolo imatulutsa asidi wotchedwa piscidic, amene amamasula fosifolasi womangidwa ndi ayironi m'dothi lofiira. Agogo athu ankabzala nandolo m'chimanga osadziwa dzina limeneli, koma maso anali nawo. Ife tinasiya, ati munda uzioneka waukhondo. Ukhondo wake ndi umenewu tikulira nawo lerowu.

Anyamata inu a pansi pa mtengowo, musaseke, ndikubwera kwa inu. Mwezi wa Ogasiti ukafika mumayatsa munda wonse chifukwa cha mbewa. Mbewa ndi ndiwo, nanenso ndimadya. Koma kumbani ndi khasu, ikani misampha. Moto umanyamula nayitirojeni ndi salufa, zakudya za mbewu, kupita nazo kumwamba ndi utsi, ndipo zoti ziwole zija sizikhalaponso. Wina anena kuti phulusa limathandiza. N'zoona, phulusa limachepetsa asidi, paja n'limene amayi amachezera chidulo, koma la mapesi a munda umodzi ndi lochepa, ndipo mphepo ya Seputembala imaliulutsa mvula isanagwe. Kumudzi kwina bambo wina ankawotcha chaka chilichonse, mnzake wa malire ankakwirira mapesi. Zokolola zitayamba kusiyana, woyamba kutchula mfumba anali wowotchayo. Musawotche mapesi, abale anga.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana dzuwa, ndithamange. Mukakolola, gonekani mapesi m'mizere kapena muwakwirire. Pangani manyowa, kaya a chimato kaya a changu, ayambe kuwola mvula isanafike. Bzalani nandolo pakati pa chimanga, masamba ake akayoyoka asiyeni pomwepo. Feteleza musasiye, koma aziyendera limodzi ndi manyowa. Amene minda yanu yafika poipa, pakufunika laimu wa kumunda, koma tiyambe tayeza dothi, kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze amayeza. Laimu amathiridwa mwezi kapena kuposerapo musanabzale, ndipo musamusakanize ndi yureya, nayitirojeni amathawa ngati mpweya. Amene mukufuna kuyezetsa dothi mulembetse maina kwa mlembi wa komiti musanabalalike. Amfumu, ndabweza mawu kwa inu.