Sitima Yomwe Inatchona: Zimene Ndinamva kwa Agogo a ku Devonport

Moni nonse abale anga, kulikonse komwe mukundimvera. Inu a ku Joni amene muli m'minibasi kuthamangira kuntchito, inu a ku Cape Town, a ku Leeds, a ku Dublin, ndi inu akumudzi amene mwalolera kugula bandulo kuti mumve mawu a mwana wanu, zikomo kwambiri. Ndikulankhula kuchokera ku Plymouth, m'kachipinda kanga komwe kaja. Ndangoweruka kumene shifiti ya usiku, tiyi ali pambalipa, ndipo mukamva kulira kwa mbalame musadabwe, ndi mbalame za kunyanja zomwe zimatera padenga pano.

Sabata yatha ndinalonjeza kuti tikamba za lendi, koma mundikhululukire, ndasintha. Pali nkhani ina yomwe yakhala ikundisowetsa tulo, ndipo ndi nkhani ya sitima.

Ambiri mukudziwa kuti ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kunyumba komwe ndimagwirako kuli agogo ena aamuna, zaka zawo zadutsa 90. Dzina lawo sinditchula. Moyo wawo wonse anagwira ntchito padoko la sitima zankhondo la Devonport, konkuno ku Plymouth. Zala zawo n'zopindika, khutu limodzi silimva chifukwa cha phokoso la zitsulo. Pakhoma la chipinda chawo pali chithunzi chakale, chofiirira, cha sitima ya machumuni awiri. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuchipukuta fumbi osafunsa kanthu. Tsiku lina usiku, cha m'ma 3 koloko, tulo titawathawa, ndinawapangira tiyi n'kukhala nawo pansi. Anandifunsa kuti kwathu n'kuti. Ndinati ku Malawi, ku Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja. Iwo analoza chithunzi chija n'kunena kuti agogo awo anali wosonkhezera moto m'sitima imeneyo, ndipo anafika nayo ku Zanzibar.

Zanzibar. Mtima wanga unagunda, chifukwa dzina limeneli kwathu silibwera lokha.

Sitimayo dzina lake HMS Philomel. Philomel ndi dzina limene alakatuli a kuno ankatchulira kambalame kena koimba usiku. Anayamba kuimanga mu 1889 pa Devonport pomwepa, ndipo inalowa m'madzi pa 28 Ogasiti 1890, nthawi ya Mfumukazi Victoria. Chaka cha 1889 chomwecho nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo loti gulu lawo la sitima zankhondo lizilingana mphamvu ndi magulu a mayiko awiri otsatira ataphatikizana, ndiye madoko onse anadzaza ndi ntchito. Philomel inali imodzi mwa sitima 9 zofanana zotchedwa Pearl, zomwe mapulani ake anajambula ndi William White, mkulu wa zomangamanga sitima za boma nthawi imeneyo.

Sinali sitima yaikulu ayi. Kutalika kwake kunali pafupifupi mamita 85, kulemera matani 2,575. Kuti muone bwino, Ilala yathu ija ndi ya mamita 52. Choncho ganizani Ilala ndi theka lake, kuwonjezerapo pang'ono, koma yonyamula mizinga 8 ya mainchesi 4.7 kukamwa kwake, ndi anthu pafupifupi 220. Ikathamanga ndi mphamvu zonse inkafika makilomita 35 pa ola. Mtundu umenewu Angerezi amautcha cruiser. Ntchito yake sinali kukamenyana ndi zimphona zinzake pankhondo yaikulu, koma kuyendayenda kutali, kulondera njira za malonda, ndi kukaima pagombe la eni ake kuti mfumu ya kumeneko ione mbendera ndi mizinga, iganize kawiri.

Pamene agogo aja anayamba kufotokoza kamangidwe kake, nkhope yawo inasintha, anakhala ngati mnyamata. Anatenga sosala ya kapu n'kuivundikira pathebulo. Akuti sitima zotere zinalibe chitsulo chochindikala m'mbali, chifukwa chitsulo chimalemera ndipo sitima yolemera siyenda ulendo wautali. M'malo mwake, mkati mwenimweni, cha pamene madzi amalekezera, ankayalamo denga lachitsulo lopendekera mbali zonse ziwiri ngati chigoba cha kamba. Pansi pa chigobacho ndi pamene panali mainjini, ng'anjo ndi zipolopolo. Chipolopolo cha mdani chikaboola m'mbali, chinkaphulikira pamwamba pa chigoba, mtima wa sitima n'kutsala wamoyo. Ndiye nzeru ina inali iyi: malasha ankawasunga m'zipinda za m'mbali, kuti mulu wa malashawo uzikhalanso chishango. Chakudya cha sitima chinalinso chitetezo chake. Ine zimenezi zinandigwira mtima, chifukwa ndi nzeru ya munthu wodziwa kuti sangathe kutchinga paliponse, ndiye wasankha chimene sichiyenera kufa.

Koma pansi pa chigobacho panali anthu. Agogo a agogo ajawo anali kumeneko, fosholo m'manja, kuponya malasha m'ng'anjo maola anayi, kupuma, kubwereranso, usana ndi usiku, m'kutentha kwa nyanja za ku Africa. Sankaona gombe, sankaona nkhondo, ankangomva kugunda pamwamba. Sitima ikafika padoko, aliyense ankagwira ntchito yolongeza malasha, fumbi lakuda mpaka m'mano. Inu amene mumagwira usiku m'mafakitale a ku Germiston kapena m'makhitchini a ku London, amene mumayendetsa zinthu koma alendo sakuonani, mukudziwa chimene ndikunena. Ndipo musaganize kuti m'sitima zimenezi munali azungu okhaokha. Sitima za Britain za m'chigawo cha Cape zinkalemba ntchito amalinyero akuda a mtundu wa Kru ochokera ku Liberia ndi Sierra Leone, ndipo manda a ena mwa iwo alipo mpaka lero ku Simon's Town. Inu a ku Cape Town, tsiku lina mukapuma kakwereni sitima yapamtunda mukawaone. Anatitsogolera pa ulendo wa kutheba anthu amenewo.

Ku Simon's Town n'kumene kunali likulu la Philomel kuyambira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890. Kuchokera kumeneko inkakwera gombe la kum'mawa ndi la kumadzulo kwa Africa, ndipo ina mwa ntchito zake inali kusaka zombo zonyamula akapolo.

Apa ndiye pamene nkhani ya agogo aja ikukumana ndi ya agogo anga. Ife a ku Nkhotakota tinakula tikumva za Jumbe. Anthu ankagwidwa kumtunda, kusonkhanitsidwa pagombe, kuwolotsedwa nyanja pa zombo, kenaka kuyenda wapansi miyezi mpaka ku Kilwa, ndipo ambiri mwa opulumuka pa ulendowo ankakagulitsidwa ku Zanzibar. Agogo anga aakazi ankati m'banja mwathu munali mtsikana amene anapita kukatunga madzi osabwerako. Dzina lake linatayika, chotsala ndi chiganizo chimodzi chimenecho. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, koma malondawo anapitirira mobisa zaka zambiri. Sitima ngati Philomel sikanatha kulowa mu Zambezi ndi mu Shire, n'chifukwa chake kwathu kunabwera tisitima ting'onoting'ono: Herald ndi Mosquito pamtsinje mu 1890, kenaka Pioneer ndi Adventure panyanja mu 1893, zomwe amtengatenga anasenza zidutswazidutswa kulambalala mathithi a Shire. Mlozi, wogulitsa akapolo wotchuka wa kumpoto, anapachikidwa ku Karonga mu Disembala 1895.

Ndiye ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo, kuti sitima ya pachithunzi inali yowombola anthu basi. Koma miyezi isanu ndi itatu chipachikidwire Mlozi, kunachitika izi.

Pa 25 Ogasiti 1896, mfumu ya Zanzibar, Hamad bin Thuwaini, inamwalira mwadzidzidzi. Mbale wake Khalid bin Barghash analowa m'nyumba yachifumu n'kudzilonga ufumu. Angerezi sankamufuna, ankafuna Hamoud bin Mohammed amene akanawamvera. Philomel inali kale padoko tsiku limenelo, ndipo asilikali ake anatsikira kumtunda. Pofika pa 26 panali sitima zisanu: St George, Philomel, Racoon, Thrush ndi Sparrow, motsogozedwa ndi Harry Rawson. Anauza Khalid kuti atsitse mbendera ndi kutuluka isanakwane 9 koloko m'mawa pa 27. Sanatuluke. Nthawi itangokwana, mizinga inayamba kulira. Nyumba yachifumu inali ndi matabwa ambiri, inagwira moto. Sitima ya mfumu, Glasgow, inamira padoko pomwepo milongoti yake ili kuonekera pamwamba pa madzi. Pasanathe mphindi 45 zonse zinali zitatha, ndipo ambiri amati zinali mphindi 38. Anthu pafupifupi 500 a mbali ya Khalid anafa kapena kuvulala. Mbali ya Britain anavulala munthu mmodzi. Khalid anathawira ku ofesi ya kazembe wa Germany, ndipo pambuyo pake anamutengera ku Dar es Salaam.

Kuno nkhondo imeneyi imatchuka ngati funso la mpikisano wa m'mabala: nkhondo yaifupi kwambiri m'mbiri ya dziko ndi iti? Anthu amayankha, kuseka, kulandira mapointi. Ine sindingaseke. Mwa anthu 500 aja munali antchito a kunyumba yachifumu ndi akapolo amene anangopatsidwa mfuti m'manja. Ndikaganiza njira ija ya ku Kilwa, ndimadzifunsa kuti mwa iwo munalibe wolankhula Chinyanja kapena Chiyao? Chaka chotsatira, 1897, mfumu yatsopano ija inasaina lamulo lothetsa ukapolo pamaso pa malamulo ku Zanzibar. Zimenezo n'zoona, ndipo n'zabwino. Koma chaka chomwecho Philomel inali nawo pa ulendo wokathira nkhondo mzinda wa Benin, ku Nigeria ya lero, kumene mzinda unatenthedwa ndipo zosemasema zamkuwa zinatengedwa, zambiri zili ku British Museum mpaka pano. Sitima imodzi, anthu omwewo, malasha omwewo.

Ndinawauza agogo aja zonsezi, mwaulemu, pang'onopang'ono, pokuwa kukhutu lawo lakumva. Ndinkaopa kuti akwiya. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati agogo awo sankakamba za Zanzibar, ankangokamba za kutentha. Anandigwira dzanja. Sanapepese, ndipo ine sindinkafuna kuti apepese, iwo sanawombe mzinga. Tinangokhala, mdzukulu wa wosonkhezera moto ndi mdzukulu wa ku Nkhotakota, tiyi n'kuzizira.

Zaka zotsatira ndidutsamo msanga. Pa nkhondo ya Mabuno amalinyero ake ena anatsikira ku Natal kukamenya nawo kumtunda. Chivomezi chitagwetsa mzinda wa Messina ku Italy mu Disembala 1908, Philomel inali m'gulu la sitima zokathandiza opulumuka. Kenaka inakalondera ku Persian Gulf.

Chomwe chandisowetsa tulo kwenikweni ndi mathero ake. Mu 1914, itakalamba kale, anaipereka ku New Zealand kuti ikhale chiyambi cha gulu lawo la nkhondo yapamadzi. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka inaperekeza asilikali okalanda Samoa m'manja mwa Germany, inagwira ntchito ku Mediterranean ndi ku Red Sea, n'kubwerera ku Wellington mu 1917 itatheratu. Mu 1921 inapita ku Auckland kuti anyamata aziphunziriramo ntchito ya usilikali wapamadzi. Ndipo mukudziwa dzina la malo omwe anaimangirira? Devonport. Devonport ina, ya kutsidya lina la dziko, yomwe inatengera dzina ku Devonport ino. Inakhala pamenepo zaka zoposa 25 osayendanso, mpaka anaichotsa pantchito mu 1947, ndipo mu 1949 anakamiza chigoba chake m'nyanja kufupi ndi Coromandel. Malo a asilikali apamadzi ku Auckland akutchedwabe Philomel mpaka lero.

Kwathu munthu wotere timati mtchona. Anapita kukagwira ntchito, anatumikira eni dziko mokhulupirika, anthu a kumeneko anamukonda mpaka kutcha malo dzina lake, koma mafupa ake sanabwerere. Amalume anga anatchona ku Bulawayo, ndipo amayi anga analira mpaka ukalamba wawo kuti sanaponye dothi pamanda a mlongo wawo. Ine ndinabwera kuno ndikunena kuti zaka zitatu zokha, ndimange nyumba, ndibwerere. Chino ndi chaka chachisanu ndi chiwiri. Nyumba ija yafika pa lintala. Mwana wanga wamkazi, amene ndinamusiya ali sitandade 2, chaka chino walemba mayeso a sitandade 8, ndipo pa foni wayamba kundipatsa moni ngati mlendo wolemekezeka. Timati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, koma palibe amatiuza kuti kutchona sikubwera tsiku limodzi. Kumabwera ndi kontirakiti imodzi, kenaka ina, kenaka fizi, kenaka matenda a mayi, ndipo chifukwa chilichonse chimakhala chomveka.

Lamulungu lapitali ndinakwera pantoni ya ku Torpoint, ija imayenda pa matcheni kuwoloka mtsinje wa Tamar. Oyenda pansi salipira, ndiye ndimakonda kupitako mtima ukalemera. Uli pakati pa mtsinje umaona doko lonse la Devonport, makoma ake amiyala, zikwepe zonyamulira katundu, sitima zotuwa zili ndii. Ndinayesa kuganiza pamene Philomel inatsetserekera m'madzi mu 1890, anthu akuwomba m'manja. Kenaka ndinatulutsa foni, ndinaimbira mwana wanga, ndipo ndinamuuza kuti Disembala uno ndikubwera, tikiti ndagula kale Lachisanu. Anafunsa kuti, "Adadi, mukubwera kudzakhala kapena kudzationa?" Ndinamuuza zoona, kuti kudzakuonani, masabata anayi.

Agogo aja ndawauza kuti ndidzachokapo mwezi wathunthu. Andipempha kuti ndikawajambulire Ilala ikamafika pa Nkhotakota, akuti akufuna aone mmene amisiri a ku Glasgow anaimangira, ndipo chithunzicho adzachikhoma pambali pa chinzake chija. Ndawalonjeza.

Za lendi tikamba sabata yamawa. Amene muli ndi achibale omwe anatchona, ku Joni, ku Harare, ku Kitwe, kaya kuno, nditumizireni mawu pa WhatsApp, mutchule dera lomwe anapita ndi chaka, ndidzawerenga pa pulogalamu. Pano maso akulemera, ndipo 8 koloko usiku ndikuyenera kukhala nditavala yunifolomu. Tsalani bwino.