Bambo amene anaulula za mankhwala a khunyu

Zikomo amfumu, amayi ndi abambo nonse amene mwabwera. Nkhani yanga lero ndi ya mankhwala, ndipo inachitikira ku America.

Kumeneko mankhwala asanalowe pamsika, bungwe la boma la FDA limayamba laona umboni, kenako n'kunena kuti awa ndi a matenda akutiakuti. Dokotala saletsedwa kuwapereka pa nthenda ina ngati waona kuti angathandize. Choletsedwa n'chakuti kampani yopanga mankhwalawo iziwatsatsa pa matenda amene sanavomerezedwe. Mugwiritse pamenepa, chifukwa m'pamene pagona mlandu.

Mu 1996, katswiri wina wa sayansi, David Franklin, analembedwa ntchito ku kampani ya Parke-Davis. Kampaniyi inali ndi mankhwala otchedwa Neurontin, amene FDA inawavomereza mu 1993 kuti aziwonjezera pa mankhwala ena a odwala khunyu. Khunyu basi. Koma Franklin ankatumidwa kukauza madokotala kuti mankhwalawa amathandizanso mutu waching'alang'ala, ululu wa m'thupi ndi matenda a maganizo, umboni wokwanira palibe. Madokotala ena ankalipidwa kuti akakhale pamisonkhano m'mahotela apamwamba. Nkhani zina za m'magazini azachipatala zinkalembedwa ndi anthu olipidwa ndi kampani, dokotala n'kungoikapo dzina. Ine chimandipweteka kwambiri n'chimenechi. Wodwala amakhulupirira dokotala, dokotala amakhulupirira zimene wawerenga, osadziwa kuti walemba ndi wamalonda.

Franklin anangogwira miyezi inayi. Anachoka atasunga makalata ndi mauthenga a pafoni a mabwana ake, n'kukasuma kukhoti ku Boston.

Mwina mukufunsa kuti, iyeyo sanamwe mankhwalawo, anasuma ngati ndani? Kuli lamulo la 1863 lotchedwa False Claims Act, limene anasainira Pulezidenti Abraham Lincoln pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, amalonda atazolowera kugulitsa kwa asilikali akavalo odwala ndi chakudya chowola. Limalola munthu wamba kusuma m'malo mwa boma ngati boma laberedwa, ndipo akapambana amalandira 15 mpaka 30 peresenti ya ndalama zobwezedwa. Apa boma linaberedwa kudzera ku Medicaid, thumba la boma lolipirira anthu osauka kuchipatala.

Musaganize kuti zinali zophweka. Mlandu unatenga zaka 8, ndipo m'makampani a mankhwala zitseko zinamutsekekera. Mu 2004 Warner-Lambert, eni ake a Parke-Davis, amene panthawiyi anali atagulidwa ndi Pfizer, anavomera mlandu n'kulipira madola 430 miliyoni. Franklin analandira oposa 24 miliyoni.

Zikumveka zambiri, eti? Komatu mu 2003 mokha Neurontin anabweretsa madola 2.7 biliyoni, ndipo ochuluka mwa omwe ankamwa sanali odwala khunyu. Patangotha zaka zisanu, mu 2009, Pfizer inalipiranso madola 2.3 biliyoni pa mlandu wofanana, wokhudza mankhwala a ululu a Bextra ndi ena. Ambiri mwa amene anaululanso anali antchito ake omwe, mmodzi mwa iwo John Kopchinski, wotsatsa mankhwala amene anachotsedwa ntchito atadandaula.