Mphwanga, keyCode usamaisandutse chilembo

Eya mphwanga, voice note yako ija ndaimva, ndiye ndikuyankhe pompano ndisanaiwale. Wati pa fomu ya webusaiti yako munthu akadina 1 wa kumbali uja, wa pa numpad, pakutuluka a? Kompyuta sinalodzedwe ayi, vuto ndi JavaScript yako ija ya String.fromCharCode(e.keyCode), yomwe ikusandutsa nambala kukhala chilembo. keyCode ndi nambala ya batani osati ya chilembo. 1 wa pa numpad ndi 97, ndiye 97 yomweyo mu ASCII, mndandanda wopatsa zilembo manambala uja, ndi a wamng'ono, basi zangogundana. Komanso batani la A limapereka 65 kaya wagwira Shift kaya ayi, ndiye uzingoona A wamkulu yekhayekha. Semicolon ndiye usanene, Chrome imati 186 pomwe Firefox imati 59, nanga ukhulupirire ndani? Ndi chifukwa chake keyCode anaiika kale pa deprecated, kutanthauza kuti sakulimbikitsanso kuigwiritsa ntchito, ichotse.

Tsopano panga chonchi. Tsegula browser, dina F12, pita pa console, ika listener ya keydown pa document, yoti izimvera batani likadinidwa pa tsambalo, mkatimo console.log ya e.key ndi e.code, kenako uzingodina mabatani nkumaona zomwe zikutuluka. e.key ikupatsa chimene munthuyo walembadi, a kapena A, ukadina Enter ikuti Enter, osati uzilowezanso keyCode yake 13 pamtima. e.code ndi malo a batani pa kiyibodi, KeyA, Numpad1, zoterozo. Kusiyana kwake uziona bwino munthu akakhala ndi kiyibodi ya ku France ija ya AZERTY, akadina batani lomwe kwa ife ndi Q, key ikuti a koma code ikuti KeyQ. Ndiye ngati ukupanga kagemu ka W A S D gwiritsa code kuti zala zikhale malo omwewo, koma ka shortcut ngati Ctrl ndi S gwiritsa key.

Koma tamvera apa, ndi pomwe ine ndinataya tsiku lathunthu. Pa laptop zonse zinkayenda bhobho, nditangoyesa pa foni ya Android pa Chrome, batani lililonse keyCode ikungoti 229, key ikuti Unidentified, mutu kuzungulira. Kiyibodi ya pa sikirini imapanga mawu kaye mwa njira yake, siuza browser batani ndi batani. Ndiye ngati chomwe ukufuna ndi zimene zalowa mu bokosi, keydown isiye, mvera event ya input, yomwe imachitika mawu a mu bokosi akasintha, nkuwerenga e.target.value, imagwira ngakhale munthu wapanga paste kapena wadina mawu a autocorrect. Anthu ako ambiri azilowa pa foni paja.

Uyesenso ŵ wa mu Malaŵi uja. Pa makiyibodi ena umadina kadenga kaye kenako w, ndiye batani loyambalo key imangoti Dead, chilembo chenicheni chimaoneka pa input. Ukakonza unditumizire screenshot ya console, data yanga ikutha apa.